Besi ya neba ikuboola khoma: njerwa, khoma lapawiri, siponji kapena metamaterial?

Amene anagonapo pafupi ndi bala akudziwa zimene ndikunena. Mukatseka mazenera, mawu a woimba amazilala, gitala n'kumamvekera patali, koma "du du du" wa besi amangolowa ngati nyumba ilibe khoma, mpaka kumamumva m'chifuwa. Chigayo n'chimodzimodzi. Jenereta ya neba magetsi akazima, lole yoima pamsewu injini ili chilirire, zonsezi gulu lake ndi limodzi. Musathamangire kudzudzula mmisiri amene anakumangirani. Makoma onse padziko lapansi ali ndi chilema chimenechi: mawu okwera amawatchinga bwino, mawu otsika amawalephera.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mawu ndi mpweya wonjenjemera, ndipo Hz ndi muyeso wa kuti mpweyawo ukunjenjemera kangati pa sekondi. Liwu lokwera limagwedeza khoma mofulumira kwambiri moti khomalo, chifukwa cholemera, silitha kutsatira. Liwu lotsika limalikankha mwachifatse, khoma n'kumavina nalo limodzi, n'kupatsira kuvinako mpweya wa m'chipinda mwanu. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho funde la liwu la 1000 Hz ndi lotalika masentimita 34 okha, pamene la 100 Hz limafika mamita 3.4, utali wa chipinda chogona.

Muyeso wina wofunika kuusunga m'mutu ndi dB, muyeso wa kukula kwa phokoso. Phokoso likatsika ndi 10 dB, khutu limamva ngati latsika ndi theka. Likatsika ndi 3 dB, ambiri amangoti "kaya, mwina lasintha". Bungwe la WHO linanena m'malangizo ake a 1999 kuti m'chipinda chogona phokoso losalekeza lisapitirire 30 dB usiku. Njira iliyonse imene tikambe pano muziifunsa mafunso awiri: ikuchotsa ma dB angati, ndipo pa mawu ati?

Yambani ndi mabowo

Fisi sagumula khola lonse, amayang'ana pamene mtengo wina unachoka. Ngati gawo limodzi mwa magawo 100 a khoma lili poyera, khomalo silingatchinge kuposa 20 dB, ngakhale mutalimanga ndi konkire ya mlatho. Taganizani za nyumba za lendi za mdadada zija, zimene khoma logawa mabanja limathera m'munsi mwa malata, siling'i palibe. Mumamva neba akusenda mtedza. Pamenepo vuto si njerwa, ndi mpata wa pamwambawo. Onjezanipo ma venti, mazenera a louvre amene satsekeka n'komwe, ndi mpata wa pansi pa chitseko wopita khoswe ali chiimire.

Chitseko chokha chikhoza kuwononga ndalama zonse zimene munathira pa khoma. Tiyerekeze kuti khoma la masikweya mita 10 limatchinga 50 dB, ndiye mwaikapo chitseko chopepuka cha masikweya mita 2 chotchinga 20 dB. Mukawerengetsa, zonse pamodzi zikutchinga 27 dB basi. Kukweza khoma mpaka ku denga, kumata ming'alu, kugula chitseko cha thabwa lolemera n'kuchizunguliza ndi labala: palibe njira ina pano imene ingabweze ma dB ochuluka chonchi pa ndalama yochepa chonchi. Koma ili ndi mtengo wake wobisika, umene ndi mpweya. Tibwererako.

Kulemera: njira ya makolo

Akatswiri ali ndi lamulo limene amati la kulemera. Mukachulukitsa kulemera kwa khoma kawiri, mumapeza 6 dB papepala, ndipo pa nyumba yeniyeni nthawi zambiri 5 dB. Khoma la njerwa la mainchesi 4 ndi theka lopakidwa pulasitala mbali zonse limatchinga pafupifupi 45 dB. La mainchesi 9 limafika pafupifupi 50 dB, ndipo sikweya mita imodzi imalemera makilogalamu oposa 400. Mukafuna 55 dB mwa njira yomweyi, mukuyankhula za khoma la mainchesi 18, maziko ake, ndi simenti yake. Njira iyi imayamba mokoma, kenako imadula msanga.

Ubwino wake ndi wakuti mmisiri aliyense amaidziwa, khoma lomwelo limanyamula denga, silipsa, ndipo limagwira mawu amitundu yonse popanda kusankha, ngakhale kuti pa besi limafooka. Zimene zimaliwononga ndi zazing'ono. Mmisiri wofuna kupulumutsa simenti amasiya mipata yoimirira ya pakati pa njerwa ili yosadzaza, n'kuphimba ndi pulasitala wopyapyala. Mabuloko a simenti osapaka pulasitala amadutsitsa mpweya m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo podutsa mpweya mawu amadutsanso. Ku Malawi, malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomanga, analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndiye ambiri anasamukira ku mabuloko. Buloko yamphako ndi yopepuka poyerekeza ndi khoma lodzaza la kukhuthala komweko. Pa khoma loyang'ana kumene kukuchokera phokoso, dzazani mphakozo ndi mchenga wouma kapena konkire, kapena sankhani njerwa zadothi zosakaniza simenti zopanikizidwa pa makina, zimene ndi zodzaza ndiponso zolemera.

M'masitolo a ku Johannesburg kapena ku London mupeza chinthu chotchedwa mass loaded vinyl, chonga mphasa yakuda yolemera, yokhuthala mamilimita 3 ndipo yolemera pafupifupi makilogalamu 5 pa sikweya mita. Pa chitseko chopepuka kapena pa bodi imathandiza, mwina ndi 3 dB. Pa khoma la njerwa la makilogalamu 250 pa sikweya mita, kuwonjezera 5 kuli ngati kuthira supuni ya madzi mu mbiya yodzaza kale. Simufika ngakhale theka la dB imodzi.

Siponji ndi mathireyi a mazira

Apa sinditaya nthawi. Kumwa mawu ndi kutchinga mawu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Siponji, makatani ndi kapeti zimamwa mawu amene akubwererabwerera m'chipinda momwemo, n'chifukwa chake situdiyo kapena tchalitchi chimamveka bwino mukaziika. Koma n'zopepuka, choncho neba sapindula kanthu. Ndipo kuti chinthu chofewa chimwe liwu la 100 Hz bwinobwino, chiyenera kukhuthala pafupifupi masentimita 85. Mathireyi a mazira ndiye angokhala nyumba ya mphemvu.

Choopsa chenicheni ndi moto. Mu February 2003, ku West Warwick m'dziko la America, siponji imene anamata m'makoma a kalabu ya The Station inagwira moto ndipo anthu 100 anafa. Mu January 2013, ku Santa Maria m'dziko la Brazil, siponji ya kudenga kwa kalabu ya Kiss inayaka, utsi wake n'kupha anthu 242. Eni mabala ndi akuluakulu a mipingo amene akuganiza zomata siponji ya matiresi m'makoma aziwerenge kawiri ziwerengerozi.

Makoma awiri osakhudzana

Iyi ndi njira imene mahotela, masitudiyo ndi mafulati a ku Ulaya amadalira. M'malo mwa khoma limodzi lolemera, mumanga awiri opepukirapo, n'kusiya mpweya pakati, n'kuikamo rock wool kapena fibreglass, zija zooneka ngati thonje. Bodi imodzi ya gypsum mbali iliyonse pa felemu imodzi imatchinga pafupifupi 35 dB, zimene n'zochepa. Koma mafelemu awiri osakhudzana, mabodi awiriawiri mbali iliyonse, thonje lija pakati, zimafika 55 mpaka 60 dB, kupambana khoma la mainchesi 9, pamene kulemera kwake ndi makilogalamu 50 okha pa sikweya mita.

Msampha wake uli pa mpweya wa pakatiwo. Mpweya wotsekeredwa umachita ngati sipuling'i, ndipo pali liwu limodzi lotsika limene limapangitsa makoma awiriwo kuvinirana, mawu n'kudutsa mosavuta kuposa kukanakhala khoma limodzi. Mabodi awiri a makilogalamu 10 pa sikweya mita, otalikirana masentimita 10, amavinirana pafupi ndi 85 Hz. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu amakhoma bodi imodzi pa khoma la njerwa, n'kusiya kampata ka masentimita 2.5 poopa kuchepetsa chipinda. Liwu lovinirana limagwera pafupi ndi 120 Hz, m'dera la besi ya neba. Walipira ndalama kuti phokoso likule. Mukasiya mpata wa masentimita 10 n'kuika mabodi awiri, liwulo limatsikira cha m'ma 40 Hz, kumene nyimbo zambiri sizifika mwamphamvu. Chipinda chimachepa ndi masentimita 12 kapena 13, ndipo palibe chidule.

Njirayi imafunanso mmisiri wosamala. Msomali umodzi wolumikiza mbali ziwirizo, kapena matope a simenti ogwera mumpata n'kuuma, ndi mlatho wodutsa mawu. Mawu amathanso kulambalala kudzera pansi, m'siling'i kapena m'makoma a m'mbali. N'chifukwa chake ku England lamulo limafuna 45 dB pakati pa nyumba zatsopano zogundana monga zilili pamalo pomwepo, osati zimene zalembedwa pa katoni ya bodi. Kwathu kuno onjezanipo chiswe ngati felemu ndi yamatabwa, ndi makoswe amene amakonda mpata wofunda wa thonje.

Nanga metamaterial n'chiyani?

Dzinali limaopsa, koma mfundo yake ndi yakuti mphamvu ya chinthucho sichokera ku chimene anachipangira, imachokera ku mmene anachiumbira. Pulasitiki wamba, labala wamba, chitsulo wamba, koma zokonzedwa m'tizigawo ting'onoting'ono tobwerezabwereza, kalikonse kotchunidwa kuti kayankhe liwu linalake.

Nkhaniyi inayamba mosayembekezeka. Mu 1995 akatswiri a ku Spain anayeza chipilala chokongoletsa cha mmisiri Eusebio Sempere ku Madrid, chopangidwa ndi mapaipi achitsulo oimikidwa m'mizere yotalikirana masentimita 10. Anapeza kuti chimafooketsa mawu a pafupi ndi 1670 Hz, ngakhale kuti pakati pa mapaipiwo mphepo imadutsa. Vuto linali lakuti mpata wa mapaipi uyenera kukula molingana ndi funde. Kuti mutchinge 100 Hz mwa njira imeneyi, mapaipi angatalikirane mamita 1.7, ndiye mpanda wake ungadye pulote yonse.

Chimene chinasintha zinthu chinachitika mu 2000 pa Hong Kong University of Science and Technology. Zhengyou Liu, Ping Sheng ndi anzawo anatenga timipira ta mtovu ta sentimita imodzi, n'kutikuta ndi labala wofewa wa silicone, n'kutiumbira m'chinthu cholimba cha epoxy. Mawu a pafupi ndi 400 Hz, amene funde lake ndi lotalika masentimita 85, anatchingidwa kuposa mmene lamulo la kulemera limalolera. Kumbukirani katungwe. Mukamukankha mwana pa nthawi yake, amapita m'mwamba. Mukafulumiza pang'ono kukankhako, mumakumana naye akubwerera, n'kukugundani m'manja. Kampira ka mtovu kali pa labala kamachita zomwezo: liwu likakankha khoma kupita kutsogolo, kampirako kamakhala kakubwerera kumbuyo, mphamvu ziwirizo n'kuthetsana, khoma n'kuima chilili. Khoma losagwedezeka silipatsira mawu.

Mu 2008 gulu la Zhiyu Yang pa yunivesite yomweyo linapeputsa nzeruyi. M'malo mwa mtovu, anakunga kachikopa ka labala kopyapyala pa kafelemu, n'kumata kanthu kolemera pang'ono pakati pake. Woimba ng'oma aliyense azindikira msanga. Ndi zija amachita pomata phula pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mozama: phula likachuluka, liwu limatsika. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'oma amaitchuna kuti itulutse liwu, pamene tizikopa iti amatitchuna kuti tilikane.

Mtundu wachitatu ndi wa timphako. Mukauzira pakamwa pa botolo limalira liwu limodzi, ndipo mukathiramo madzi liwulo limakwera. Zikho za pansi pa valimba wa ku Lower Shire zimagwira ntchito mofanana, chikho chilichonse ndi kathabwa kake. Akatswiri amatchula mphako zotere ndi dzina la Hermann von Helmholtz wa ku Germany, ndipo si zachilendo: m'makoma a matchalitchi ena akale a ku Ulaya munapezeka mitsuko yomangiridwa mkati. Chatsopano ndi makina osindikiza zinthu a 3D, amene amatha kupinda kanjira katali m'kabokosi kakang'ono ngati chigoba cha nkhono. Mu 2019 Reza Ghaffarivardavagh ndi Xin Zhang a ku Boston University anaonetsa mkombero wapulasitiki wotere, umene mbali yaikulu ya pakati pake ndi bowo lodutsa mpweya, koma unkabweza 94 peresenti ya mphamvu ya liwu limene unatchunidwira.

Tsopano tiike pa sikelo. Ziwerengero ngati 94 peresenti zimakoma m'makutu, koma mukazisandutsa ma dB ndi 12 okha, ndipo pa kagawo kochepa ka mawu. Khoma la mainchesi 4 ndi theka lija, lotchinga 45 dB, limabweza zoposa 99.99 peresenti. Chimene chimapangitsa mkombero wa ku Boston kukhala wodabwitsa si kuchuluka kwa ma dB, ndi bowo lija.

Chilema chachikulu cha ma metamaterial ambiri n'chakuti amasankha. Amagwira liwu limodzi ndi oyandikana nalo ochepa, ndipo nthawi zambiri pambali penipeni pa liwu lotchingidwalo pamakhala lina limene limadutsa mosavuta kuposa kale. Nyimbo ya ku bala siima pa liwu limodzi, besi imakwera n'kutsika. Phokoso la msewu ndiye ndi chisakanizo cha zonse. Kuti agwire mawu ambiri, ofufuza amasanjikiza tizigawo totchunidwa mosiyanasiyana, ndipo pamene azimaliza chinthucho chakhuthala, chalemera, chadula, kuyandikira khoma lapawiri limene ankafuna kulipambana.

Chinanso, zotsatira zambiri zosiririka zimachokera ku kachidutswa kokula ngati mbale, koyezedwa m'paipi mu labotale. Khoma lenileni amaliyeza lili masikweya mita 10, ndipo pa kukula kumeneko felemu yonyamula tizikopa tija nayonso imayamba kugwedezeka. Ndiye pali nyengo. Ng'oma ikagona pachinyontho amaiwamba pamoto kuti ikungike. Kachikopa ka labala kotsekeredwa m'khoma, kopirira kutentha kwa October ndi chinyezi cha February kwa zaka 20, adzakawamba ndani? Timphako nato timadzaza fumbi, ndipo mavu omanga ndi dothi sasiya bowo lokongola chonchi lili lopanda mwini.

Onaninso kumene ma metamaterial afika kale. Mu January 2020, pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, Nissan anaonetsa kanthu kopangidwa ndi felemu ya timabokosi ndi kapulasitiki kopyapyala, kolimbana ndi phokoso la pakati pa 500 ndi 1200 Hz m'galimoto, kolemera gawo limodzi mwa magawo anayi a labala amene amagwiritsa ntchito nthawi zonse. Chaka chomwecho kampani ya masipika ya KEF ku Britain inatulutsa LS50 Meta, imene kumbuyo kwa kasipika kake kakang'ono kuli kambale ka tinjira 30 tokhotakhota tomeza mawu osafunika. Galimoto ndi sipika: malo amene kilogalamu iliyonse ndi sentimita iliyonse zili ndi mtengo. Nyumba yapansi ya ku Area 25 kapena ku Chipata ilibe nkhawa imeneyo. Dothi ndi mchenga zili pakhomo, ndipo nthaka sidandaula kulemera.

Pamene ndingaipatse mpata

Sindikuinyoza metamaterial. Pali malo atatu amene njira zakale zimagonja ndipo metamaterial ili ndi yankho lomveka.

Oyamba ndi phokoso la liwu limodzi losasintha. Magetsi a kuno amayenda pa 50 Hz, ndiye thiransifoma imang'ung'udza pa 100 Hz usana ndi usiku, chaka chonse. Mafani aakulu, mapampu ndi majenereta othamanga pa liwiro limodzi alinso ndi liwu lawolawo. Mdani wosasuntha ngati ameneyu ndi amene chinthu chosankha chimamulasa bwino.

Achiwiri ndi mkati mwa khoma lapawiri lija. Popeza liwu limene khomalo limafooka timatha kuliwerengera tisanamange, n'zotheka kumata pa bodi tizigawo totchunidwira liwu lomwelo kuti titseke chilemacho. Ofufuza a ku yunivesite ya KU Leuven m'dziko la Belgium ndi ena agwira ntchito yambiri pa mabodi omatidwa tizigawo totere. Pamenepa metamaterial sikulowa m'malo mwa khoma, ikungokhala chigamba pamene khoma lang'ambika, ndipo ine ndikuona kuti m'nyumba ndi mmene idzalowere.

Achitatu ndi amene amandikhudza kwambiri, mpweya uja tinausiya. Malangizo onse a kutchinga phokoso amati tsekani chilichonse. Kauzeni munthu wa ku Nsanje kapena ku Mangochi kuti amate ma venti n'kutseka mazenera usiku wa mu November, wopanda makina oziziritsa. Adzasankha phokoso. Njerwa ndi mabodi zilibe yankho pamenepa, chifukwa bowo ndi bowo. Sang-Hoon Kim ndi Seong-Hyun Lee a ku South Korea anaonetsa mu 2013 zenera la timabokosi toonekera tokhala ndi mabowo odutsa mphepo, limene linkachepetsa mawu ndi 20 mpaka 35 dB pa mawu amene linakonzedwera. Venti ya mtundu umenewu, itaumbidwa ndi simenti kapena dongo pa chikombole m'malo mosindikizidwa pa makina odula, ingatithandize kuposa khoma lililonse lachilendo. Pakali pano chimene mmisiri wa kwanu angakupangireni ndi venti yokhota ngati chigongono, yoyalidwa rock wool mkati, yoyang'ana kumbali yopanda phokoso. Mawu okwera imawadula ndithu, besi imaisiya.

Ndiye mugule chiyani?

Ngati mukumva zokamba za neba liwu ndi liwu, pali bowo penapake, ndipo ndalama yoyamba ipite kumeneko. Ngati mukumanga kumene pafupi ndi msewu kapena msika, mainchesi 9 odzaza bwino ndi pulasitala mbali zonse, zipinda zogona n'kuziika kumbuyo, sitolo ndi khitchini kutsogolo. Ngati nyumba inamangidwa kale ndipo vuto ndi besi, khoma lachiwiri loima palokha, mpata wosachepera masentimita 10, mabodi awiri, ndipo siling'i ndi mazenera zilandire chisamaliro chomwecho. Ngati gwero la phokoso ndi lanu, monga jenereta kapena chigayo, kuliika pa mapilo a labala n'kulimangira kanyumba kake kumapindula kuposa kukonza zipinda zonse zimene phokosolo limafika.

Musanagule kanthu, ikani pa foni pulogalamu yoonetsa mawu m'ma Hz, zilipo zaulere, n'kuima m'chipinda usiku phokoso lili mkati. Mzere umodzi wowala wosasuntha ndi liwu limodzi. Chifunga chodzaza paliponse ndi chisakanizo. Ndipo wogulitsa akakuonetsani nambala imodzi yotchedwa Rw kapena STC, yoonetsa ma dB amene chinthu chimatchinga, dziwani kuti Rw imawerenga kuyambira 100 mpaka 3150 Hz, STC kuyambira 125 mpaka 4000 Hz. "Du du du" amene amakudzutsani 2 koloko usiku nthawi zambiri amakhala pakati pa 50 ndi 100 Hz, kunja kwa nambala zonse ziwiri. Pemphani chithunzi chonse cha muyeso, muone mzere wake kumanzere kwenikweni, ndipo mufunse ngati anayeza khoma lathunthu kapena kachidutswa ka m'paipi.